Kalata Yotseguka kwa Oweruza a Bwalo Lalikulu la ku America, pa za Andende a ku Guantánamo

Kwa olemekezeka a John Roberts, Mkulu wa Oweruza, pamodzi ndi oweruza anzanu asanu ndi atatu, ku Washington.

Mabwana ndi madona,

Ngakhale si koyenera kwenikweni kuti munthu wamba wa dziko lakutali, amene sapereka msonkho ku boma lanu, aimirire pa bwalo la eni ake ndi kuyamba kulankhula asanapatsidwe mpata, ndalimba mtima kukulemberani chifukwa makolo athu ankalola wapaulendo kuponyapo liwu pa mlandu, poti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, chingakhale kanga n'kobuntha. Ndiponso chifukwa nkhani ya anthu osungidwa m'ndende ya Guantánamo, pa chilumba cha Cuba, inaleka kalekale kukhala ya dziko lanu lokha, popeza maboma ambiri, lathu lomwe, amasuzumira kwa inu akafuna kudziwa pamene mphamvu zawo zilekezera. Dandaulo langa ndi limodzi, ndipo ndilinena poyamba pomwe: m'chaka cha 2008 bwalo lanu linagamula kuti wandende wa ku Guantánamo ali ndi ufulu wofunsa woweruza chifukwa chimene akumusungira, koma chichokere tsiku limenelo simunachewukenso kuti muone ngati ufuluwo unafikadi kwa eni ake kapena unathera panjira.

Chimene chinatsitsa dzaye ndikuchidziwa. Pa 11 Seputembala 2001 anthu pafupifupi 3,000, amene analawira ku ntchito ndi pa maulendo awo osalakwira munthu, anaphedwa m'mawa umodzi, ndipo mtundu woona maliro otere sungadzudzulidwe chifukwa chopsa mtima. Patangopita masiku atatu Nyumba ya Malamulo inavomera kupatsa Pulezidenti George W. Bush mphamvu zothira nkhondo onse amene anakonza chiwembucho kapena kusunga ochikonza, ndipo pa 11 Januwale 2002 andende oyamba 20 anatsitsidwa m'ndege ku Guantánamo ali omangidwa kumaso, manja ndi miyendo. Pambuyo pawo panadza ena, kufikira onse olowa pa chipata chimenecho anakwana pafupifupi 780. Malowo sanasankhidwe mwangozi. Doko limeneli America analibwereka kwa Cuba mu 1903, pa pangano loti nthaka idzakhalabe ya Cuba koma ulamuliro wonse udzakhala wa America. Tsono maloya a boma, potsamira chigamulo cha bwalo lanu cha mu 1950 chokhudza Majeremani osungidwa ku Landsberg, anaona kuti apeza malo amene woweruza wa ku America sangafikeko poti si kwawo, ndiponso woweruza wa ku Cuba sangafikeko poti alibeko mphamvu, kotero kuti womanga, wofunsa, wosunga ndi wogamula akhale munthu mmodzi yemweyo.

Katatu konse bwalo lanu linakana nzeru imeneyi, ndipo ndiyenera kuchitira umboni kuti linachita chamuna. Pa 28 Juni 2004, pa mlandu wa Shafiq Rasul, linati makhoti ali ndi mphamvu yomva madandaulo a anthu a ku Guantánamo. Tsiku lomwelo, pa mlandu wa Yaser Hamdi, amene anali nzika ya America, mayi Sandra Day O'Connor analemba kuti nkhondo sipatsa pulezidenti chilolezo chochita chilichonse chimene wafuna ndi ufulu wa nzika. Aphungu anayankha ndi lamulo la mu Disembala 2005 lotseka khomo limene munatsegula. Mu Juni 2006, pa mlandu wa Salim Hamdan, dalaivala wa Osama bin Laden, bwalo linati makhoti a asilikali amene pulezidenti anakhazikitsa payekha anali otsutsana ndi lamulo la America ndiponso ndi mapangano a ku Geneva. Inu a Mkulu wa Oweruza simunakhale nawo pa mlanduwo, chifukwa chaka cham'mbuyo mwake, muli ku bwalo la apilo, munali mutaugamula kale mokomera boma. Aphungu anatsekanso khomo mu Okutobala 2006. Ndipo pa 12 Juni 2008, pa mlandu wa Lakhdar Boumediene, oweruza asanu mwa asanu ndi anayi, a Anthony Kennedy ali wowalembera, anati habeas corpus, ufulu wakalekale uja woti wosunga ndende aitanidwe kudzafotokoza pamaso pa woweruza chimene watsekera munthu, unalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko lanu, ndipo boma silingauthawe pongomuwolotsa nyanja wandendeyo.

Inu a Mkulu wa Oweruza munali mmodzi mwa anayi otsutsa, ndipo sindifuna kupeputsa maganizo anu, pakuti si opanda mutu. Munati andendewo anali atapatsidwa kale njira zodandaulira zoposa zimene adani ogwidwa pa nkhondo anapatsidwapo m'mbiri ya dziko lanu, ndi kuti chigamulocho chinachotsa ulamuliro m'manja mwa anthu osankhidwa n'kuupereka kwa oweruza amene savoteredwa ndi munthu. Malemu a Antonin Scalia anawonjezapo kuti chidzaphetsa anthu ena a ku America. Zoonadi, chiyambire kale msilikali wogwidwa pa nkhondo sazengedwa mlandu, amangosungidwa kuti asabwerere kukamenyanso, ndipo nkhondo ikatha amapita kwawo. Zoonadi woweruza si mkulu wa asilikali, ndipo ena mwa omasulidwa anakatolanso mfuti. Koma mwambo wosunga msilikali popanda mlandu unakhazikika pa zinthu ziwiri zimene apa panalibe, ndizo kuti msilikali amadziwika ndi yunifolomu yake, kotero kuti kugwira wosalakwa kumachepa, ndi kuti nkhondo yake ili ndi tsiku lotha, pamene akuluakulu a mbali ziwiri amakhala pansi n'kusainirana. Ambiri mwa anthu a ku Guantánamo sanagwidwe ndi asilikali a America. Anaperekedwa ndi boma la Pakistan ndi magulu ankhondo a ku Afghanistan, pa nthawi imene ndege zinkamwaza timapepala tolonjeza chuma kwa aliyense wopereka mdani, ndipo amene anakhalapo m'mudzi wa njala akudziwa chimene chimaonekera mlendo wopanda abale ikamveka mbiri yoti munthu akugulidwa. Pangano lachitatu la ku Geneva la mu 1949 linaoneratu zimenezi, nililamula kuti pakakhala chikayiko kabwalo kakhale pansi kuti kaone kuti wogwidwayo ndani. Pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991 asilikali anu omwe anakhazika timabwalo totere toposa 1,000, ndipo ambiri oonekerapo anapezeka kuti anali anthu wamba othawa nkhondo. Mu 2002 boma linati pa andende onsewo palibe chikayiko, choncho silinakhazike ndi kamodzi komwe.

Taonani za Boumediene yemweyo. Iye ndi mbadwa ya ku Algeria, ndipo ankakhala ku Bosnia ndi banja lake akugwira ntchito ku bungwe la Red Crescent. Mu Okutobala 2001 anamangidwa pamodzi ndi anzake asanu powaganizira kuti ankafuna kuphulitsa ofesi ya kazembe wa America ku Sarajevo. A ku Bosnia anafufuza miyezi itatu osapeza kanthu, ndipo mu Januwale 2002 bwalo lalikulu la kumeneko linalamula kuti amasulidwe, koma potuluka m'ndende pomwepo anaperekedwa kwa asilikali a America. Patapita zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, mlandu wawo utafika kwa woweruza weniweni, a Richard Leon, amene anaikidwa pampando ndi Pulezidenti Bush yemweyo, boma linaisiya nkhani ya bomba ija, n'kuyamba kunena kuti anthuwo ankalingalira zopita ku Afghanistan. Woweruzayo ataona kuti umboni wa zimenezi unali mawu a munthu mmodzi wosatchulidwa dzina, amene kukhulupirika kwake panalibe poyesera, analamula mu Novembala 2008 kuti asanu mwa asanu ndi mmodziwo amasulidwe. Boumediene anafika ku France mu Meyi 2009, atatha zaka zoposa ziwiri akukana chakudya ndi kumadyetsedwa mokakamiza ndi kapaipi kodzera m'mphuno. Chimene akazitape sanathe kuchiona m'zaka zonsezo woweruza anachiona m'milungu yowerengeka, pakuti mwa onse ogwira nkhaniyo iye yekha ndiye analibe manyazi oti abise.

Ndikanakonda kuti nkhani ithere pamenepa. Koma chigamulo cha 2008 sichinanene kuti umboni uyenera kulemera motani, kapena kuti woweruza akati munthu atuluke ndani ayenera kutsegula chitseko. Zonsezi munazisiyira mabwalo aang'ono, ndipo bwalo la apilo la ku Washington, limene ena mwa oweruza ake sankabisa kuti chigamulo chanucho chinawanyansa, linayamba kuchibenthula pang'onopang'ono. Mu Okutobala 2008 woweruza Ricardo Urbina analamula kuti anthu 17 a mtundu wa Uyghur, amene boma lenilenilo linali litaleka kuwatcha adani, ndipo silikanawabweza ku China poopa kuti akazunzidwa, amasulidwe ndi kulowa mu America. Bwalo la apilo linati woweruza alibe mphamvu imeneyo, ndipo otsiriza mwa iwo anachoka ku Guantánamo kumapeto kwa 2013 atawapemphera malo ku Slovakia, anzawo atamwazikira kale ku Bermuda, ku Palau, ku Switzerland ndi ku El Salvador.

Koma amene sandichoka mumtima ndi Adnan Latif wa ku Yemen. Iye ankati anavulala mutu pa ngozi ya galimoto mu 1994, ndi kuti anapita ku Pakistan ndi ku Afghanistan kukafuna chithandizo chaulere. Boma linkati anapita kukaphunzira nkhondo, ndipo umboni wake waukulu unali lipoti limodzi la akazitape, lolembedwa pa nthawi ya chipwirikiti kudzera mwa womasulira. Ankhondo eni ake anali atalemba kangapo konse kuti munthuyu angathe kuchotsedwa m'ndendemo. Mu Julayi 2010 woweruza Henry Kennedy, atasanthula lipotilo, anapeza kuti silodalirika, nalamula kuti amasulidwe. Mu Okutobala 2011 bwalo la apilo, oweruza awiri kutsutsana ndi mmodzi, linagwetsa chigamulocho ponena kuti chikalata cha boma chiziyesedwa cholembedwa molondola pokhapokha wandende atasonyeza kuti n'cholakwika. A David Tatel, amene anatsutsa, anachenjeza kuti ngati zili choncho chotsala pa chigamulo chanu cha 2008 n'chochepa, poti chilichonse chimene boma lanena chidzangokhala ngati choona. Nanga munthu wotsekeredwa m'kachipinda kachitsulo kutsidya kwa nyanja angatsutse bwanji zolemba za munthu amene sakumudziwa ndi dzina lomwe? Maloya ake anagogoda pa khomo lanu. Mu Juni 2012 munakana kumva dandaulo lake pamodzi ndi a anzake asanu ndi mmodzi, osapereka chifukwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa oweruza amene analemba liwu lotsutsa. Pa 8 Seputembala chaka chomwecho anamupeza atafa m'chipinda chake, ankhondo nati anadzipha pomwa mankhwala ochuluka. Anali atakhalamo zaka khumi ndi miyezi ingapo osaimbidwapo mlandu uliwonse.

Buku la Machitidwe a Atumwi limasimba za kazembe Felike, amene anamva mbali zonse ziwiri za mlandu wa Paulo ku Kaisareya, nati adzaugamula akadzafika mkulu wa asilikali, namusiya m'ndende zaka ziwiri kufikira iye mwini atachoka pampando. Felike sanakwapule Paulo, ndipo sanamuweruze kuti aphedwe. Anangozengereza, ndipo ndiyo mbiri imene malembo anamusungira. Ndikudziwa kuti mwa malamulo anu kukana kumva apilo sikuvomereza chigamulo cha bwalo laling'ono, koma kusiyana kumeneko amakumva ndi maloya okha, wandende kwake kumacha chimodzimodzi. Ndipo kuyambira 2008 palibe dandaulo la munthu wa ku Guantánamo wopempha kumasulidwa limene mwaligamula.

Funso limene mwalizemba koposa ndi lakuti nkhondoyi idzatha liti. Mayi O'Connor mu 2004 analola kuti munthu asungidwe pamene mfuti zikulira ku Afghanistan, koma anachenjeza kuti nkhondoyo ikadzakhala yosiyana kotheratu ndi nkhondo zimene zinabala mwambowu, maziko a chilolezocho angathe kugumuka. Mu 2019, pamene munakana dandaulo la Moath al-Alwi wa ku Yemen, amene ankapanga tizombo tokongola ndi makatoni m'ndendemo, a Stephen Breyer okha ndiwo analemba kuti nthawi yoyankha funsoli inakwana kale. Asilikali a America anachoka ku Afghanistan mu Ogasiti 2021, koma lamulo la mu Seputembala 2001 lija likadalipo, ndipo boma, likhale la chipani chiti, limati nkhondo ikupitirira kwina. Ngati womanga yekha ndiye wonena tsiku limene nkhondo yatha, ndiye kuti Abu Zubaydah, amene anagwidwa ku Faisalabad mu Marichi 2002, nathiridwa madzi kumaso momumiza ka 83 m'mwezi umodzi m'ndende yachinsinsi ya CIA, osawerengeredwa mlandu zaka zonsezi, ali pa chilango cha moyo wonse chimene palibe woweruza anachipereka. Mu 2022 nkhani yake inakufikani pa mfundo ina, ndipo munalola boma kubisa monga chinsinsi dzina la dziko lina limene anasungidwako, chikhalirecho bwalo la ufulu wa anthu la ku Ulaya linali litagamula kale mu 2014 kuti ndi Poland. A Neil Gorsuch ndi mayi Sonia Sotomayor, amene sagwirizana kawirikawiri, anatsutsa pamodzi.

Kapena mudzafunsa kuti Mmalawi zamukhudza pati. Pa 3 Marichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti Nyasaland ili pa chiopsezo, ponena kuti a chipani cha Congress akonza chiwembu chopha Azungu; Dr Banda anawatenga mbandakucha kumka nawo ku Gwelo, ena anawaunjika ku msasa wa Kanjedza pafupi ndi Limbe, ku Nkhata Bay anthu osachepera 20 anawomberedwa pa doko, ndipo omangidwa popanda mlandu anaposa 1,300. Amene anaulula kuti chiwembu chachikulucho chinalibe umboni wokwanira, ndi kuti dziko linasanduka lolamulidwa ndi apolisi, anali woweruza, a Patrick Devlin, ndipo boma la Britain linakana mfundo zawo zazikulu. Chomvetsa chisoni n'chakuti otuluka m'ndendezo, atalandira ufulu, sanafafanize lamulo lomanga anthu popanda mlandu, anangolinola. Ku ndende za ku Dzaleka ndi ku Mikuyu kunadzaza anthu amene dzanja la munthu mmodzi pa chikalata linali mlandu wawo, umboni ndi chigamulo pamodzi, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa chimene analakwa. N'chifukwa chake polemba malamulo a mu 1994 tinaikamo kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Tsono mu Juni 2003 amuna asanu achisilamu ochokera kunja anagwidwa mu Blantyre powaganizira kuti ankathandiza al-Qaeda. Khoti Lalikulu linapereka chiletso kuti asatulutsidwe m'dziko, koma boma linawapereka kwa akazitape a America, anthuwo n'kukwezedwa ndege chiletsocho chikadali chamoyo. Ku Mangochi kunabuka zipolowe. Patapita ngati mwezi umodzi anamasulidwa ku Khartoum popanda mlandu. Woweruza wathu anachititsidwa manyazi pa bwalo lake lomwe, ndipo amene anaonetsa nduna zathu kuti chiletso cha khoti chingathe kudumphidwa munthu akangotchula zigawenga linali dziko lija limene limatitumizira akatswiri odzatiphunzitsa kulemekeza malamulo.

Makolo athu ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ndikawerenga mbiri ya bwalo lanu ndimaona kuti kawirikawiri limalankhula moto utazima kale wokha. Mu 1861 Abraham Lincoln ananyalanyaza lamulo la Mkulu wa Oweruza Roger Taney pa mlandu wa John Merryman, ndipo zoti munthu wamba sangaweruzidwe ndi asilikali pamene makhoti ali otsegula bwalo linadzazinena mu 1866, nkhondo itatha. Mu 1944 linavomereza lamulo limene linachotsa m'makomo mwawo anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa ku Japan, ambiri mwa iwo nzika zobadwira mu America momwemo. Boma linapepesa mu 1988 ndi kupereka madola 20,000 kwa aliyense wotsala ndi moyo, ndipo ndi inu nomwe, a Mkulu wa Oweruza, amene munalemba mu 2018 kuti chigamulo cha Korematsu chinali cholakwika chiyambire tsiku limene chinaperekedwa. Munanena zoona, koma munazinena patapita zaka 74, Fred Korematsu atagona m'manda kuyambira 2005.

Musayese kuti ndikupempha kuti olakwa apite osalangidwa, pakuti mlandu suwola, ndipo magazi a anthu 224 amene anafa pa mabomba a ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam mu 1998, ambiri mwa iwo Aafirika anzathu, akufuula monga a ena onse. Ahmed Ghailani wa ku Tanzania, woimbidwa mlandu wa mabombawo, anachotsedwa ku Guantánamo mu 2009 nakazengedwa mlandu m'khoti wamba ku New York. Woweruza anakana mboni imene inadziwika kudzera m'mafunso ankhanza, nzika zokhala pa mlanduwo zinamupeza wolakwa pa mfundo imodzi, ndipo mu Januwale 2011 anapatsidwa chilango cha moyo wonse, nkhani n'kutha. Koma Khalid Sheikh Mohammed ndi anzake, oimbidwa mlandu wokonza chiwembu cha 11 Seputembala, anasiyidwa m'makhoti a asilikali, ndipo ngakhale anawerengeredwa milandu mu 2008 ndiponso mu 2012, kuzenga kwenikweni sikunayambe, makamaka chifukwa mazunzo amene anachitidwa anadetsa umboni. Makolo ambiri a ophedwa aja atsikira kuli chete akudikira chigamulo chimene njira yoyesedwa yachangu ndi yaukali ija yalephera kuwapatsa.

Kumayambiriro kwa 2025, anthu 11 a ku Yemen atatumizidwa ku Oman, al-Alwi ali mmodzi mwa iwo, ku Guantánamo kunatsala 15, ena mwa iwo okalamba ndi odwala. Kuchepa kwawo kusakunyengeni kuti nkhani yatha, popeza zigamulo za bwalo la apilo zija zili chikhalire m'mabuku kudikira pulezidenti wina ndi mdani wina, ndipo mu 2023 bwalo lomwelo, pa mlandu wa Abdulsalam al-Hela, linazembanso kunena ngati andendewa ali nawo ufulu woweruzidwa mwachilungamo umene malamulo anu amalonjeza munthu aliyense. Pulezidenti Obama analamula mu Januwale 2009 kuti ndendeyi itsekedwe pasanathe chaka, aphungu namumanga manja. Pulezidenti Trump analamula mu 2018 kuti ikhalebe yotsegula. Kutseka kapena kusatseka ndi kwa iwowo, sindikupempha inu zimenezo. Chanu ndi kunena kulemera kwa umboni umene ungasungitse munthu zaka 20, kunena ngati lamulo la woweruza loti munthu atuluke lili ndi mphamvu pa wosunga makiyi, ndi kunena ngati boma lingasunge munthu mpaka imfa m'dzina la nkhondo imene asilikali ake anabwerako kale. Mwa mwambo wa bwalo lanu, oweruza anayi okha akavomera, mlandu umalowa. Dandaulo lotsatira la wandende wa ku Guantánamo likadzakufikani, ndikupempha kuti anayi mwa inu adzavomere kulimva, ngakhale mutadzaligamula mokomera boma, bola chifukwa chake mudzachilembe poyera ndi kuikapo maina anu.

Ndine wanu mwaulemu,

Mmalawi wina wa ku Zomba